Masamba Amene Tinasindikiza ku Tipton

Bambo anga ankawerenga Mawu m'tchalitchi cha kwathu kuyambira ine ndisanabadwe. Sanali mbusa. Anali mlimi wa fodya ndi mtedza, koma Lamulungu lililonse, mlaliki asanakwere pa gome, ndi iwo amene ankaimirira n'kutsegula Baibulo lawo lachikuto chakuda, n'kumawerenga mosathamanga, chala chikuyenda pansi pa mzere. Baibulo limenelo analandira kwa atate awo. Linali lolemera ngati njerwa ziwiri, zilembo zake zakuda bii, zonenepa, zotalikirana bwino. Chaka chimene ndinkakonzekera ulendo wa ku Mangalande, mphepo yamkuntho inasasula denga la nyumba yathu, mvula n'kulowa mpaka kuchipinda. Baibulo lija linanyowa, ndipo litauma masamba ake anamatana n'kusanduka chibuma chimodzi. Bambo analikulunga m'nsalu n'kuliika pansi pa sutikesi.

Tinawagulira latsopano. Analitsegula, kuliyandikizitsa kumaso, kulitalikitsa, kutuluka nalo panja, kenako anandibwezera.

"Nambewe, awa ndi mawu kapena nyerere?"

Pepala lake linali lopyapyala moti zilembo za kuseri zinkaonekera kutsogolo. Tinkayesa vuto ndi magalasi, koma kuchipatala cha ku boma adokotala anati si ng'ala yoti n'kuchotsa ayi, ndi shuga amene wafika m'maso, ndipo kuwala kuzingochepa pang'onopang'ono mpaka kudzatheratu. Sananene kuti liti. Akulu a mpingo anapereka ntchito yowerenga kwa mphunzitsi wina, bambo n'kumakhala pa benchi yachiwiri, milomo ikuyenda yokha.

Tsiku lonyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu. Atatha kupemphera anandigwira dzanja osalisiya.

"Jekete sindikufuna, nsapato sindikufuna. Ukakapeza Baibulo lathu la zilembo zooneka, unditumizire ndisanalowe mumdima. Anabwera nalo kuno ndi azunguwo, sangalephere kukhala nalo."

Ndinavomera mopepuka, ngati andituma mchere ku golosale.

Kampani imene inanditenga inatiika m'nyumba ya njerwa zofiira ku Tipton, pafupi ndi ngalande ya madzi akuda imene kale munkayenda mabwato a malasha. Tinalimo akazi okhaokha, awiriawiri m'chipinda. Ine ndinkagona ndi Amake Taonga, mayi wa ku Chipata wosadziwa kubisa mawu, amene anasiya ana atatu kwa amayi ake. Khoma la chipinda chathu linkatuluka thukuta, nkhungu yakuda ikumera kuseri kwa wadirobu. Zovala zinkauma ndi fungo la chinyontho, ndipo fungo limenelo tinkayenda nalo m'basi.

Ntchito yathu inali yoyenda khomo ndi khomo kwa okalamba. Ukafika umalogina pa foni, kumusambitsa munthu, kumuveka, kumupatsa mankhwala ndi tiyi, kulogauta, n'kuthamangira basi. Foniyo ndiye anali kapitawo wathu. Ukachedwa pa khomo lina chifukwa gogo akulira ndipo wakugwira chovala, manijala ankaimba kufunsa ngati wasochera. Tsiku loyamba kusambitsa mwamuna wa msinkhu wa bambo anga, nditatuluka panja ndinasanza m'maluwa. Kwathu mwana wamkazi salowa n'kuchipinda komwe kwa bambo ake.

"Iwe mwana wa a elida a tchalitchi," anatero Amake Taonga madzulo ake, "maso uziika pa khoma, manja azisewenza. Viza ilibe manyazi."

Ndinapempha Ambuye kuti andipatse mtima wa Iye amene anamanga thaulo m'chiuno n'kusambitsa mapazi a anzake. Ankandipatsa wokwanira tsiku limodzi lokha, monga ankaperekera chakudya m'chipululu, mawa ndikapemphenso.

Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kwa achimwene anga, amene anatsala pamudzi ndi bambo chimwalirireni mayi. Malata atsopano anakwera, pansi anathira simenti, ana analowa sukulu yabwino. Koma chimene bambo anandituma sindinachipeze. Ndinayenda m'masitolo a mabuku mu Birmingham mpaka mapazi kutupa. Mabaibulo a zilembo zikuluzikulu analipo ambiri, ena okongola ndi golide m'mbali, koma onse a Chingerezi, ndipo bambo Chingerezi chawo chinkathera pa moni. Pomaliza ndinapita ku laibulale ndi Baibulo langa laling'ono, n'kukulitsa masamba angapo pa makina a fotokope, n'kutumiza. Yankho linabwera pa foni kudzera mwa achimwene.

"Akuti zilembo zakuladi, koma zikukwerana ngati mbuzi m'khola lothina. Akafika kumapeto kwa mzere sakudziwa pobwerera."

"Nanga masowo ali bwanji?"

"Lakumanzere ndiye latsala pang'ono. Akuona ndi limodzi."

Nyengo imeneyo ndi imene anandiika pa rota, mndandanda wa okasamalira a Leni. Anali nkhalamba yokhala yokha m'kanyumba kotsamira ngalande ija, mkazi wawo atamwalira kalekale, mwana wawo wamkazi ali ku Hanley. Sitiroko inawapha dzanja lamanja ndi mwendo, koma maso anali akuthwa ngati a kabawi, ndipo pakamwa panali pamoyo kwambiri. Chingerezi chawo cha ku Tipton chinanditengera miyezi kuti ndizichimva. Tiyi wanga ankamutcha madzi otsukira mbale.

Tsiku lina ndikutulutsa magolovesi m'chikwama, pepala limodzi lotsala la fotokope ija linagwa pansi. Analikoka ndi ndodo yawo.

"Wachita zonyansazi ndani?"

"Ndine, bambo."

"Unamulakwira chiyani munthu amene ukufuna awerenge izi?"

Ndinawafotokozera za bambo anga, ndikupukuta sinki kuti asaone nkhope yanga. Anandituma kuchipinda kwawo kukatenga kamtolo kokulunga m'thaulo pamwamba pa wadirobu. Apo ndi pamene ndinadziwa kuti moyo wawo wonse anali wosindikiza mabuku, wa masiku aja ankasanja zilembo za mtovu ndi manja.

M'thaulomo munali zinthu ziwiri. Choyamba chinali tsamba limodzi lokha lothothoka m'buku la zaka mazanamazana, la nthawi imene anthu anali atangoyamba kumene kusindikiza. Analigula ali mnyamata. Zilembo zake zinali zakuda, zosongoka, zothithikana ngati mpanda wa bango. Anati osindikiza oyamba ankatsanzira dzanja la alembi, ndipo poti pepala linali lodula ankapanikiza mawu kuti pasatsale malo. Chachiwiri chinali buku lathunthu losindikizidwa mu Birmingham momwemo patapita mibadwo ingapo, zilembo zake zozungulira, m'mbali mwa tsamba muli bwalo loyera.

"Kaime uko kuchitseko," anatero, atayedzeka zonse ziwiri pa ketulo. "Ukutha kuona ziti?"

"Za m'bukuzo."

"Chifukwa?"

"N'zazikulu."

"Bwera udzayeze ndi chikhadabo chako."

Ndinayeza. Zinali zofanana msinkhu, mwinanso za patsamba lakale lija ndi zimene zinkaposa.

"Waona? Diso siliwerenga chakuda chokha, limawerenganso choyera. Choyera cha m'mimba mwa chilembo, choyera cha pakati pa mizere. Anthu anatha zaka zambiri asanazindikire zimenezi, iwe n'kudzazifafaniza ndi fotokope tsiku limodzi."

Anati diso lodwala limafuna mzere waufupi kuti lisasochere pobwerera, mpata waukulu pakati pa mizere, chilembo chopanda timiyendo topyapyala, ndi pepala lochindikala loti za kuseri zisaonekere. Ndinawauza kuti Baibulo la bambo lakale lija linali lotero ndendende. Anagwedeza mutu.

"Analisanja ndi manja anthu odziwa kuti likawerengedwa pa nyali ya parafini." Kenako analoza pawindo, kumene kunali kashedi ka matabwa kuseri kwa nyumba. "Zonse zili mmuja. Ine ndili ndi maso, iwe uli ndi manja. Baibulo lonse sitingathe, ndifa tisanatuluke m'chigumula. Koma sankha zimene mdalayo amazikonda."

Foni inalira m'thumba. Nthawi yanga pa khomo limenelo inali itatha kale.

Lamulo la kampani linali lomveka: sitiloledwa kupita kwa kasitomala kunja kwa rota, sitiloledwa kulandira kanthu kwa iye. Amake Taonga anandiuza mosapsatira.

"Akakugwira, akuchotsa pa sponsa wa viza, ndipo ndege ukwera ndi pulasitiki bagi. Atate ako adzadya mapepala?"

"Anandituma chinthu chimodzi chokha, Amake Taonga."

"Ise tonse anatituma. Ine ananituma firiji."

Chinanso chinkandivuta mumtima. Mpata wokhawo umene ndinali nawo unali Lamulungu masana, tikaweruka ku tchalitchi, pa masabata amene sindinali pa shifiti. Chibadwire sindinagwirepo singano pa Sabata. Ndinalimbana nazo m'pemphero sabata yathunthu, mpaka ndinakumbuka kuti ng'ombe ikagwa m'chitsime pa tsiku lopatulika saidikiritsa Lolemba. Maso a bambo anali m'chitsime. Ndinapita.

M'kashedimo munkanunkha mafuta a makina ndi fumbi. Munali makina osindikizira achitsulo opalasa ndi phazi, ndi makabati a madirowa osaya ambirimbiri. Dirowa iliyonse inali ndi tizipinda, ndipo m'kachipinda kalikonse munali chilembo chimodzi, tizitsulo tambiri totuwa tofanana. A Leni ndinkawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka pakhomo, n'kuwafunditsa bulangete. Anasankha zilembo zonenepa zimene ankasindikizira mabuku a ana. Anandiphunzitsa kugwira kachitsulo kosanjiramo ku dzanja lamanzere, n'kumatola chilembo chimodzichimodzi ndi lamanja, chilichonse chozondoka ndiponso choyang'ana kumbuyo ngati pagalasi. Mzere ukatha ndinkaika timapale ta mtovu tiwiri tolekanitsa ndi mzere wotsatira. Ndikaika kamodzi ankamenya ndodo pansi.

"Usaumire choyera. Si chako."

Ndinasankha masalimo amene bambo ankawerenga pa maliro ndi pa nthawi ya njala. Ndinkakopera m'Baibulo langa laling'ono, ndikutchula mawu mokweza kuti ndisalumphe, iwo n'kumandiyeserera molakwitsa dala. Tisanafike pakati pa tsamba loyamba, kachipinda ka chilembo a kanauma. Tizipinda ta k ndi z tinali titauma kale. Tizipinda ta e ndi t tinali todzaza mpaka kusefukira.

"Chilankhulo chanji chodya a ngati nkhuku pa chimanga?" anatero. "Zilembozi anaziumba powerengera Chingerezi. Sankadziwa kuti kudzabwera iwe."

Ndinatsegula dirowa ina n'kupeza ma a ena ooneka ngati omwewo. Anandiletsa. Anati amenewo ndi a mtundu wina, ocheperako pang'ono, ndipo diso lofooka likakumana ndi mlendo pakati pa mzere limapunthwa. Choncho tinkasanja theka la tsamba, kulisindikiza, kumasula zilembo zonse kuzibwezera m'tizipinda tawo, n'kusanjanso theka lam'munsi, pepala lomwelo n'kulowanso m'makina. Tsamba limodzi linkatidyera Lamulungu lathunthu, nthawi zina awiri. Ndipo foni iliyonse yochokera kumudzi inkandiuza kuti bambo ayamba kupapasa khoma popita kuseri.

Tsamba loyamba litatuluka ndinaligwira m'mbali ndi nsonga za zala. Pepala linali lofiirira pang'ono ngati mkaka wowiritsa, mawu a chilankhulo changa ataimirira pamenepo akuda, odekha, ngati anthu ovala bwino amene aliyense wapatsidwa mpando wake. Ndinagwada pa simenti yozizira ija n'kuyamika. A Leni anandidikira mpaka nditatha.

"Ine ndi Mulungu wakoyo sitilankhulana chitengereni mkazi wanga," anatero. "Koma ntchito yake ndiigwira bwino, asadzapeze chonena."

Ndinkawapempherera mobisa ndikamawaveka masokosi. Sindikudziwa ngati ankadziwa.

Tinagwira chilimwe chawo chonse mpaka masamba a mitengo anayoyoka. Tsamba lililonse likauma ndinkapita nalo kunyumba n'kuliika pansi pa matiresi, pakati pa makatoni awiri. Kuzizira kutayamba ndinawapempha kuti tiime mpaka kudzafundenso.

"Diso la bambo ako lidikira?" anandifunsa. "Nanga ine ndidikira?"

M'kashedimo munalibe hita. Ndinkawafunditsa mabulangete awiri ndi chipewa, koma mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi, ndipo zala zanga zinkachita dzanzi mpaka zilembo kumagwa. Anayamba kutsokomola. Lamulungu lina, tili pakati posanja, chitseko chinatseguka, n'kulowa mwana wawo wa ku Hanley amene sankabwera kawirikawiri. Anayang'ana bambo ake, milomo yawo itachita bii ndi kuzizira, inki ili pa bulangete. Anayang'ana ine, nditavala zovala za ku tchalitchi, wopanda yunifomu, wopanda baji.

"Ndiwe ndani, ndipo ukutani ndi bambo anga muno?"

"Ndamuitana ndine," anatero a Leni. "Tseka chitseko, ukulowetsa mphepo."

Mwana wawoyo anagwira njinga n'kuwakankhira m'nyumba. Sindimuweruza mayi ameneyo. Ndikanapeza mlendo atakhazika bambo anga m'chisanu chotero, nanenso ndikanafuula.

Lolemba anandiitana ku ofesi. Manijala anandiwerengera malamulo amene ndinkawadziwa kale. Sanandichotse ntchito, poti antchito anali osowa, koma anandichotsa pa rota ya a Leni, kundiletsa kupondanso pakhomo pawo, n'kundidula mashifiti mpaka lendi inkandipsetsa mutu. Miyezi imeneyo Amake Taonga ndi amene ankandidyetsa. Ankaika mbale patsogolo panga n'kunena kuti, "Idya, wosindikiza," ndipo sanabwerezepo kuti anandichenjeza.

A Leni anagonekedwa m'chipatala ndi chibayo, ndipo atatuluka anawapititsa ku nyumba ya okalamba kufupi ndi mwana wawo. Tsiku lina ndikudutsa pa basi ndinaona galimoto ya ogula zitsulo zakutha itaima pakhomo pawo, anyamata akukhuthulira madirowa aja m'zidebe, zilembo zonse kusakanikirana. M'makina munali mutatsala theka la salimo limene tinasanja osalisindikiza. Linapita momwemo. Za imfa yawo ndinamva kwa mnzanga wina wa ntchito, maliro atapita kale. Ndinalira m'chimbudzi cha kasitomala wina, mpopi nditautsegula kuti asamve.

Masamba amene ndinali nawo ankangokwana envulopu imodzi yaikulu. Ndinawapereka kwa nesi wina wa ku Dedza amene tinkakumana naye pa mapemphero a Amalawi ku Hillfields, iye akupita kumudzi kukaona odwala. Ndinamupempha kuti asawaike m'sutikesi, awanyamule m'manja. Anachitadi zimenezo, Mulungu amukumbukire.

Achimwene anaimba atalandira. "Koma ndiye zinthu zapamwamba, achemwali. Pepala lake lokhalo. Abusa abwera kudzaona."

Ndinapempha kuti apereke foni kwa bambo.

"Afika, Nambewe. Ambuye akudalitse, adalitsenso mzungu wakoyo."

"Zikuoneka bwino, bambo?"

"Ntchito yabwino kwambiri. Nanga kumeneko kukuzizirabe?"

Netiweki ya kwathu imangolola mawu, nayonso modukaduka. Nthawi zonse ndikafunsa za masambawo ankayamika n'kufunsa za nyengo, ine n'kumakhutira. Sindinathe kupita kumudzi msanga. Kampani yathu inalandidwa chilolezo, tonse tinabalalika kusaka sponsa wina, Amake Taonga n'kubwerera ku Chipata firiji asanagule. Ine ndinapeza malo ku nyumba ya okalamba ku Coventry, kumene tchuthi chinkangolonjezedwa. Achimwene atandiuza kuti diso lotsala lija latseka, ndinalira, koma ndinadzitonthoza kuti mwina chaka chathunthu, mwina kuposerapo, bambo anakhala pakhonde m'mawa uliwonse akuwerenga ndi maso awo. Maganizo amenewo ndi amene ankandidzutsa pa bedi m'miyezi ya mdima.

Nditabwerera kwathu mudzi sindinauzindikire msanga. Nyumba yathu inali ndi mpanda wa njerwa ndi geti. Ana a achimwene, amene ndinawasiya ali aang'ono, anandipatsa moni wa Chingerezi n'kumayang'ana zikwama. Alamu anga anandilowetsa pabalaza, pamene panali masofa ndi kabati ya magalasi.

Ndipo ndinawaona masamba aja. Anali pakhoma, pamwamba pa zenera, atakhomedwa ndi misomali mumzere wowongoka, kuyambira pa kalendala mpaka pa wotchi. Tsamba lililonse linali litamatidwa m'pulasitiki yolimba yonyezimira, ija amamatira masatifiketi. Dzuwa lolowera pakhomo linkagunda pamenepo n'kubwerera m'maso mwanga, moti ine ndemwe, wa maso abwino, ndinachita kupendeka mutu kuti ndione mawu.

Achimwene anaima pambali panga akumwetulira.

"Mwaona mmene tinawasamalira? Nditangowaona ndinati izi zisaonongeke ngati Baibulo lija. Ndinapita nawo ku boma ndekha pa njinga. Panopa ngakhale denga litachoka, madzi sangalowe. Adzawapeza ndi adzukulu."

"Munapita nawo liti?"

"Mawa lake lomwelo. Zinthu zotere sachedwa nazo, ana angazigwire ndi manja a mango."

"Nanga pakhomapo?"

"Bambo anati tiwaike pamene tikufuna. Alendo onse amayamba kuona pamenepo."

Munthu amene wasamalira bambo ako zaka zonsezi, kuwatsogolera kuchimbudzi, kuwayeza shuga, sumufunsa mlandu tsiku lofika.

Bambo anali kuseri kwa nyumba pa mpando wa ndalema, pamthunzi wa mpapaya. Anali atachepa thupi, maso ali otsegula koma osayang'ana kanthu. Ndinagwada, anandipapasa kumutu ndi kumaso, n'kunena kuti ndakalamba. Tinapemphera. Za masamba sitinatchule tsiku limenelo.

M'mawa mwake achimwene atapita ku dimba, alamu ali ku chigayo, ndinakwera pa mpando n'kuzula tsamba limodzi. Ndinakakhala nalo pafupi ndi bambo, n'kutenga lezala kuyesa kutsegula pakona. Pulasitiki inakanirira. Nditaikoka pang'ono pepala linang'ambika pakati pa thupi lake, nkhope ya zilembo n'kupita ndi pulasitikiyo. Mawu awiri oyamba anatheratu.

"Ukung'amba chiyani, Nambewe?"

"Palibe, bambo."

"Ndi masamba aja."

Ndinaika lezala pansi. "Munawawerenga?"

Anaika manja pa mawondo.

"Atabwera nawo ku boma ndinayesa. Panja, m'nyumba, pansi pa mtengo. Paliponse ndinkangoona dzuwa likuvina, diso n'kumatuluka misozi. Ndinamuuza mchimwene wako kuti ndatopa, awasunge."

"Bwanji simunanene? Tikanapeza njira. Mukanandiuza ine pa foni."

"Ndinene kuti chiyani? Mwana wina wandipangira mphatso kutsidya la nyanja, mwana wina wapalasa njinga mpaka ku boma kukaiteteza. Ndidandaule uti? Mphatso saibweza ndi madandaulo, mayi."

Nkhuku zinkapalasa pafupi ndi mapazi athu. Ndinaganiza za milomo ya a Leni itachita bii, ndipo ndinafuna kufunsa Mulungu funso limene sindinamufunsepo chibadwire. Ndinaluma mlomo.

"Koma limodzi ndinawerenga," anatero bambo. "Tsiku limene anafika. Ndinakhala pompano, ndinatulutsa lapamwamba, la salimo la Ambuye ndiye mbusa wanga lija. Nambewe, zilembo zinaima chilili. Sindinasochere mzere ngakhale umodzi. Ndinawerenga mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndekha, ndi diso langa, mpaka alamu ako anatuluka m'khitchini kudzaona kuti kwabwera ndani."

"Nanga enawo? Dzuwa linali lilipo."

"Linalipo." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Ndinawabwezera mu envulopu. Ndinati ndiziwerenga limodzi patsiku, kuti asathe msanga."

Anatambasula dzanja kundifunafuna, n'kupeza phewa langa.

"Kalibwezere pamalo pake asanabwere ku dimba. Asadziwe."

Ndinalowa m'nyumba, ndinapinda kona yong'ambika ija kuti ibisike, ndinakwera pa mpando, n'kukhomanso msomali pa bowo lake lomwe lija.